Magetsi m'Chigwa cha Shire: Mathithi a Kapichira, Nzimbe za ku Nchalo ndi Mabuleka Oteteza Mawaya

Chigwa cha Shire, chimene munthu wochokera ku Blantyre amayamba kuchiona ali pamwamba pa mapiri asanatsikire pa Thabwa, ndipo chimakathera ku Marka kumalire a Malawi ndi Mozambique, chili ndi malo akeake m'mbiri ya magetsi a dziko lino, chifukwa m'menemo muli malo aakulu opukusira magetsi, muli minda ya nzimbe imene imadya magetsi ochuluka, komanso muli dzuwa ndi madzi osefukira zimene zimayesa kulimba kwa chipangizo chilichonse chimene munthu waimika. Anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akamakumbukira mbiri imeneyi amatchula madamu, mapolo ndi kuthimathima, koma pakati pa makina opukusa magetsi ndi babu la m'nyumba pali zipangizo zimene sizitchulidwa kawirikawiri, zomwe ntchito yake ndi kudula magetsi pa nthawi yoyenera. Chachikulu mwa izo ndi circuit breaker, imene amisiri ndi eni nyumba amangoitchula kuti buleka. Munthu akamadandaula kuti buleka yagwa, nthawi zambiri amakhala akudandaula za chipangizo chimene changopulumutsa mota, thiransifoma kapena nyumba yake, ndipo mbiri ya magetsi m'chigwachi siingamveke bwino popanda kumvetsa chifukwa chimene chipangizochi chimagwera.

Zonse zimayambira pa mtsinje. Kuchokera ku Matope kufika ku Kapichira, Shire amatsika mamita pafupifupi 400 kudzera m'mathithi otsatizana, ndipo mathithi otsiriza, a Kapichira, ndi amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859. Kwa amalonda ndi amishoni amene anamutsatira, mathithiwo anali chopinga, moti katundu ankatsitsidwa m'sitima kwa Katunga n'kukwezedwa mapiri pamutu pa amtengatenga, mpaka pamene njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Panapita zaka zoposa 100 chichokereni Livingstone kuti kutsetsereka kwa mtsinjewo kusanduke chuma. Malo opukusira magetsi a Nkula A anatsegulidwa mu 1966 ndi mamegawati 24, Tedzani anatsatira kuyambira mu 1973, ndipo kenaka kunabwera Nkula B, pamene m'midzi yambiri ya m'chigwa anthu anapitiriza kuunikira koloboyi kwa zaka zina zambiri.

Chimene chinakokera magetsi amphamvu kutsikira m'chigwa chinali nzimbe. Kampani ya SUCOMA, imene inali pansi pa Lonrho, inatsegula minda ndi fakitale ya shuga ku Nchalo pakati pa zaka za m'ma 1960, ndipo kampani ya Illovo inaitenga mu 1997. Popeza mvula ya m'chigwa ndi yochepa ndiponso yosadalirika, nzimbezo zimadalira madzi a mu Shire amene amakwezedwa ndi mapampu aakulu, ndipo mapampuwo amayendetsedwa ndi mamota amagetsi usana ndi usiku m'nyengo ya chilimwe. Apa ndi pamene nkhani ya chitetezo inayamba kukhala yovuta, pakuti mota yaikulu ikamadzuka imakoka karenti, kutanthauza mphamvu yoyenda m'waya imene imayezedwa m'ma ampere, yochuluka kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo poyerekeza ndi imene imakoka ikakhazikika. Buleka imene ingagwe nthawi iliyonse karenti ikakwera siingalole pampu kudzuka, pamene buleka yolekerera chilichonse ingasiye mota kupsa, motero mmisiri amayenera kusankha ndi kutchera chipangizo chimene chingapirire kukwera kwa masekondi ochepa koma osapirira kukwera kokhalitsa. Fakitale ya ku Nchalo imapanganso magetsi akeake potentha zotsalira za nzimbe zofinyidwa, choncho pamene magetsi a fakitale amakumana ndi a dziko pamafunika buleka yolekanitsa mbali ziwirizo mwamsanga mbali imodzi ikavuta.

Zovuta zimene buleka imalimbana nazo zili za mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo zimasiyana kwambiri m'kachitidwe kake. Choyamba ndi kusenzetsa waya katundu woposa msinkhu wake, monga pamene zipangizo zambiri zalumikizidwa pa waya mmodzi kapena pamene pampu yatsamwa matope n'kumavutika kuzungulira. Zikatero waya amatentha pang'onopang'ono mpaka pulasitiki yomukuta itayamba kusungunuka. Pofuna kuzindikira vutoli, m'buleka zazing'ono ndi zapakatikati mumakhala kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi zimene zimafutukuka mosiyana zikatentha, kotero kuti kachitsuloko kamapindika mpaka kukankha kachingwe kamene kagwira buleka, ndipo katunduyo akachuluka kwambiri kamapindikanso msanga. Chachiwiri ndi shoti, pamene waya wamoto wakhudzana ndi mnzake kapena ndi nthaka popanda chipangizo chilichonse pakati, ndipo karenti imalumpha kufika pa ma ampere masauzande m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Apa sipakhala nthawi yodikira chitsulo kuti chitenthe, ndiye chifukwa chake m'buleka mumakhalanso waya wokulungidwa amene amasanduka maginito amphamvu karenti ikalumpha, n'kukoka kachingwe komwe kaja nthawi yomweyo.

Komabe kulekanitsa zitsulo ziwiri zimene magetsi amadutsapo sikokwanira, ndipo apa ndi pamene pagona luso lonse la chipangizochi. Zitsulozo zikangoyamba kutalikirana, magetsi amapitiriza kudutsa mumpweya wa pakati pake ngati lawi loyera lotentha madigiri masauzande angapo, longa lija limaoneka munthu akamawotcherera zitsulo, ndipo lawilo likapanda kuzimitsidwa magetsi amakhala asanaduke. Chimene chimathandiza n'chakuti magetsi a m'dziko lino amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, kutanthauza kuti karenti imafika pa ziro maulendo 100 pa sekondi iliyonse, ndipo buleka imapangidwa m'njira yoti lawi likazilala pa mphindi ya ziroyo lisapezenso mpata woyaka. Mabuleka a m'nyumba ndi a m'fakitale amakokera lawilo m'timbale tachitsulo tondondozana timene timaliduladula ndi kuliziziritsa, pamene mabuleka akale a m'masabusiteshoni, amene ndi malo otsitsira ndi kugawira magetsi, ankalimiza m'mafuta. Masiku ano pa mawaya a ma volt 11,000 ndi 33,000 pamakonda kuikidwa mabuleka amene zitsulo zake zili m'botolo lochotsedwa mpweya wonse, ndipo pa mawaya a ma volt 132,000 pamaikidwa a gasi wotchedwa SF6, amene amazimitsa lawi bwino kwambiri ngakhale kuti akathawira mumlengalenga amawonjezera kutentha kwa dziko. Buleka iliyonse ili ndi malire a karenti imene ingadule popanda kuphulika, ndipo pamene ya m'nyumba imalembedwa ma ampere 6,000, ya pakhomo pa fakitale, pafupi ndi thiransifoma yaikulu, imafunika kupirira ma ampere 50,000 kapena kuposerapo.

Buleka isanafale, ntchitoyi inkagwiridwa ndi fyuzi, kawaya kakang'ono kamene kamasungunuka karenti ikachuluka, ndipo mafyuzi akadalipo pamapolo a mathiransifoma m'misika yonse ya m'chigwa. Buleka yaing'ono yotha kudzutsidwanso ikagwa inalembetsedwa ngati luso latsopano ndi Hugo Stotz wa ku Mannheim m'dziko la Germany mu 1924. Mabuleka aakulu sadziganizira okha, koma amalamulidwa ndi chipangizo china chotchedwa relay, chimene chimayeza karenti ndi voliteji mosalekeza n'kutumiza lamulo loti buleka itseguke, ndipo pa mawaya aakulu zonsezi zimatha pasanathe gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi.

Kutentha kwa m'chigwa kumalowerera m'nkhaniyi mwachindunji. Ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Bangula kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo m'chipinda cha malata mmene muli bokosi la mabuleka ndi mota yachigayo mumatentha kuposa pamenepo. Mabuleka ang'onoang'ono amayezedwa kufakitale pa kutentha kwa madigiri 30, choncho m'chipinda chotere kachitsulo kopindika kaja kamakhala katapindika kale pang'ono katundu asanachuluke, ndipo buleka imagwa msanga kuposa mmene nambala yolembedwa pa iyo ikunenera. Mwini chigayo amene makasitomala ake akudikira pamzere ndi matumba a chimanga kapena a mapira amaona ngati buleka ndi yofooka, ndipo mayesero amakhala oti aike yaikulu kapena ailambalale ndi waya. Kuchita zimenezi n'kulakwitsa kwakukulu, chifukwa kutentha komweko kumachepetsanso katundu amene waya ndi mota zingasenze, ndipo buleka imene yagwa msanga m'chilimwe imakhala ikunena zoona za waya amene ikuteteza. Njira yoyenera ndi kupitsa mphepo m'chipindamo, kutalikitsa mabuleka othinana, kumanga bwino malo olumikizira amene akutentha, ndiponso, ngati pakufunikadi buleka yaikulu, kuyamba ndi kusintha wayayo.

Vuto lachiwiri la chigwachi ndi kutalika kwake. Magetsi amene amatsika kuchokera ku Kapichira kufika ku sabusiteshoni ya Nchalo amayendanso mtunda wautali kudzera ku Ngabu, Bangula ndi Tengani kuti akafike ku Nsanje, ndipo m'njira monsemo muli nthambi zopita kumisika, kuzipatala, kusukulu ndi kumalo opopera madzi. Pa waya wautali chonchi mabuleka ndi mafyuzi amakhala ambiri motsatizana, ndipo lamulo lake ndi loti chipangizo chimene chili pafupi kwambiri ndi vuto ndicho chiyambe kudula, pamene cha kumtunda chidikire pang'ono n'kudula pokhapokha cha kumunsi chikalephera. Dongosololi n'lofanana ndi la milandu ya m'mudzi, imene imayenera kuthera kwa nyakwawa ndipo imakwera kwa gulupu kapena kwa mfumu yaikulu pokhapokha ikakanika pansi. Nthawi zodikirazi zikatcheredwa molakwika, shoti ya pa chigayo chimodzi ikhoza kuzimitsa boma lonse. Palinso vuto lina lobisika, lakuti shoti imene yachitika kumapeto kwenikweni kwa waya wautali imakoka karenti yochepa chifukwa mtundawo umaifooketsa, mwakuti relay ya ku sabusiteshoni ikhoza kuiona ngati katundu wamba, ndipo waya woduka wogona pamchenga wouma akhoza kukhala wamoto kwa nthawi ndithu osadziwika. Pa chifukwa ichi pamaikidwa ma relay ena oyeza karenti yothawira m'nthaka yokha, amene amamva ngakhale yochepa. M'nyengo ya dzinja, pamene mphezi ndi nthambi za mitengo zimagunda mawaya, mavuto ambiri amakhala a kanthawi, choncho mabuleka ena amatcheredwa kuti akagwa adzitsekenso okha pakapita masekondi ochepa, ndipo kuphethira kwa magetsi kumene anthu amaona mvula ikamagwa kumachokera pamenepa.

Malo opukusira magetsi a Kapichira, m'mphepete mwa nkhalango ya Majete, anatsegulidwa m'chaka cha 2000 ndi makina awiri, ndipo makina ena awiri anawonjezedwa kumapeto kwa 2013, zimene zinafikitsa mphamvu yake pa mamegawati pafupifupi 130. Kwa dziko limene magetsi ake onse anali mamegawati mazana ochepa, komanso limene kwa zaka zambiri mawaya ake aakulu sanali olumikizidwa ndi a mayiko oyandikana nalo, malo amodzi otere ndi dalitso komanso chiopsezo. Makina onse opukusa magetsi a pa Shire amazungulira mogwirizana, ndipo makina aakulu akachoka mwadzidzidzi, otsalawo amalemedwa n'kuyamba kuchepa liwiro, moti maulendo 50 aja amatsika. Zikatero ma relay a m'masabusiteshoni amadula madera ena mwadala kuti katundu apepuke, ndipo akachedwa, mabuleka a makina otsalawo amatseguka imodziimodzi podziteteza mpaka dziko lonse litakhala mumdima. Chiyambire 2017, pamene ntchito yopanga magetsi inapatsidwa kwa EGENCO ndipo ESCOM inatsala ndi yonyamula ndi kugawa, mabuleka a makina ndi mabuleka a mawaya ali m'manja mwa makampani awiri, ndipo n'kofunika kwambiri kuti akatswiri a mbali zonse azitchera zipangizo zawo mogwirizana.

Koma mdani wamkulu wa magetsi m'chigwa wakhala madzi. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anamiza midzi ya kwa Makhanga ndi madera ena a tsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo mitengo, udzu ndi zinyalala zimene mtsinje unakokolola zinatseka zipata zolowera madzi kumakina mpaka makinawo kuzimitsidwa. Zofananazo zinachitikanso mu Malichi 2019 pa nyengo ya namondwe wa Idai. Choopsa kwambiri chinadza pa 24 Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anadzaza Shire ndi mitsinje yothira mwa iye, ndipo madzi anagumula mbali ya damu la Kapichira n'kudzitsegulira njira yatsopano, kusiya makina anayi aja opanda madzi. Gawo limene linagumukalo linaphatikizapo khoma lina limene linamangidwa mwadala kuti lizikokoloka loyamba madzi akapyola malire, n'cholinga choti damu lalikulu lipulumuke, ndipo nzeru imeneyi ndi yomweyo imene ili m'fyuzi ndi m'buleka, yolola kachigawo kamodzi kutayika kuti zotsala zisawonongeke. Kusiyana kwake n'kwakuti buleka imadzutsidwa ndi dzanja kapena ndi batani, pamene kubwezeretsa Kapichira pa ntchito kunatenga chaka ndi miyezi ingapo. Dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake a m'madzi, nsanja zachitsulo zonyamula mawaya opita ku Nchalo zinagwa, ndipo kuthimathima kwa maola ambiri pa tsiku kunapitirira mpaka makinawo atabwerera mu 2023, ndi thandizo la madola 60 miliyoni lochokera ku World Bank. Ntchito yokonzayo ili mkati, namondwe wa Freddy anafikanso mu Malichi 2023.

Pa masiku ngati amenewo mabuleka amagwira ntchito imene anthu saiona koma imene imapulumutsa miyoyo. Nsanja ikagwa kapena polo likazulidwa ndi madzi, waya wamoto amagwera m'madzi momwe anthu akudutsa atanyamula ana ndi katundu, ndipo chimene chimalekanitsa anthuwo ndi imfa ndi relay imene yamva karenti ikuthawira pansi pamodzi ndi buleka imene yamvera lamulo. Ichi ndi chifukwa chake mabatire a m'sabusiteshoni, amene amapereka mphamvu yotsegulira mabuleka magetsi ena onse atazima, ndi ofunika mofanana ndi mabulekawo, ndipo buleka imene yakhala zaka osayesedwa ikhoza kuuma mfundo n'kukanika kutseguka pa tsiku limene ikufunika. Madzi akaphwa pamatsala vuto lina, pakuti matope a mu Shire amene alowa m'bokosi la mabuleka amasunga chinyontho, amachititsa dzimbiri ndipo amatsegulira magetsi njira zosayenera. Buleka yaing'ono imene yamizidwa iyenera kuchotsedwa ngakhale ikuoneka youma kunja, ndipo mawaya a nyumba yomizidwa ayenera kuyezedwa ndi mmisiri wovomerezeka magetsi asanayatsidwenso, ngakhale kuti kwa banja limene lataya mbewu ndi ziweto ndalama ya zimenezi ndi yovuta kuipeza.

M'misika ndi m'midzi imene yalandira magetsi kudzera mu ndondomeko ya MAREP, yofikitsa magetsi kumadera a kumidzi, chitetezo chimathera m'kabokosi ka pakhoma, ndipo pamenepa ndi pamene kusamvetsetsa kumapweteka anthu kwambiri. Buleka wamba imateteza waya kuti asapse, koma siiteteza munthu, chifukwa karenti yokwanira kuimitsa mtima ndi yochepa kwambiri moti buleka ya ma ampere 20 siingaimve. Chimene chimateteza munthu ndi buleka ya mtundu wina imene imayerekeza karenti yopita ndi yobwerera, n'kudula ikaona kuti kachigawo kochepa ngati magawo 30 mwa 1,000 a ampere imodzi kasochera, mwina kudzera m'thupi la munthu woima pansi ponyowa. M'dera limene nyumba zimalowa madzi chaka ndi chaka, chipangizo chimenechi sichiyenera kuonedwa ngati chokongoletsera. Mamota a zigayo ndi a mapampu nawonso ali ndi mdani wawo, pakuti amayendera mawaya atatu amoto, ndipo fyuzi imodzi ikapsa pathiransifoma mota imapitiriza kuzungulira ndi mawaya awiri uku ikutentha mpaka kupsa, pokhapokha patakhala relay yozindikira kuti waya mmodzi wasowa. Kuba mafuta a m'mathiransifoma ndi mkuwa wa mawaya opita m'nthaka kumawononga dongosolo lonseli kuchokera kumizu, popeza mawaya a m'nthakawo ndi amene amapatsa karenti ya shoti njira yobwerera kuti fyuzi kapena buleka iizindikire.

Kusintha kwina kukuchokera pa damu la Kapichira lomwelo, pamene payambira ngalande yaikulu ya ntchito ya ulimi wamthirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 mpaka kufupi ndi Bangula ndi madzi oyenda okha motsetsereka. Ngalandeyo ikafika kuminda ya nzimbe, mapampu ambiri amene akhala akukweza madzi a mu Shire chiyambire zaka za m'ma 1960 adzapuma, ndipo magetsi amene ankadya adzapita kwina, pamene madzi olowa m'ngalande adzakhala akugawana mtsinje ndi makina a Kapichira m'miyezi imene Shire watsika. Kumtunda kwake kukukonzedwanso malo ena opukusira magetsi a Mpatamanga, a mamegawati pafupifupi 350. Makina atsopano akalowa, karenti ya shoti imakwera m'masabusiteshoni onse apafupi, ndipo katundu wamkulu akachoka kapena kusamuka, kayendedwe ka magetsi m'mawaya kamasintha, choncho mabuleka a ku Kapichira ndi a ku Nchalo adzafunika kuonedwanso ngati angathe kudula karenti yatsopanoyo, ndipo ma relay onse a m'njira yopita ku Nsanje adzafunika kuwerengedwanso ndi kutcheredwa mwatsopano.